Nkhumba zikugwa m'midzi ya m'malire, kodi anzathu a ku Malawi ndi ku Mozambique tikuuzana nawo?

Mlimi wa ku Vubwi: Mwauka bwanji nonse a pa gulu. Ine ndabwera ndi nkhani yosakoma, kuno kwathu ku Zambia nkhumba zayamba kugwa. Zinayambira mudzi wa kumtunda, lomba zafika m'makola a pafupi ndi ife. Nkhumba ingosiya kudya gaga, kugona mounjikana pakona, makutu ndi kumimba kufiira mpaka kuchita bii, masiku ochepa chabe yapita. Anthu akuti pa maliro ena panabwera nyama yotchipa yochokera kumsika wa mbali ya ku Malawi, madzi otsukira nyamayo anathira kuseri kwa nyumba komwe nkhumba zimafukula. Funso langa ndi ili, kodi ma vet athu amauzana ndi anzawo a ku Mchinji zinthu zikayamba chonchi? Chifukwa tikanamva msanga bwenzi titatsekera nkhumba m'makola kalekale

Amake mapasa, Mwami: Iii pepani atate. Chigodola chimenecho, chikalowa m'mudzi sichisiya kanthu. Mulungu akulimbitseni mtima

Wogula ziweto: Pepani akulu anga koma tisathamangire kuloza chala ku Malawi. Ine ndimayenda misika ya mbali zonse ziwiri, nkhumba zimapita uku ndi uku malinga ndi komwe mtengo wakwera sabata imeneyo. Mwina yomwe inaphedwa kumenekoyo inachokera kwathu konkuno

Mlamu wa ku Mkanda: Zikomo achimwene mwandiyankhira. Ife kuno kwa Mkanda nkhumba zikayamba kufa anthu amati zachokera ku Zambia, inu uko mukuti zachokera ku Malawi. Ndipo inde alamu a ku Vubwi, kuno zinayamba kufa mwezi watha m'midzi ingapo, alangizi a ziweto analengeza kutchalitchi ndi pamsika kuti tisagulitse nyama ya nkhumba. Ine sindinaganize n'komwe kuti uthenga umenewo sunadumphe malire, poti ndi pafupi pomwepa

Mlimi wa ku Vubwi: Mwaona tsono alamu? Mwezi wathunthu inu mukudziwa, ife tili chikhalire. Izi ndi zomwe zikundiwawa ine

Vet wopuma, Katete: Mwaswera bwanji abale. Ndilembe motalikirako pang'ono mundipirire. Choyamba, chigodola cha nkhumba si mlendo kuno kum'mawa kwa Zambia, chinalembedwa koyamba m'dera la Chipata mu 1912 pamene tawuniyi inkatchedwa Fort Jameson, ndipo Mchinji nayo ndi dera lodziwika kuti matendawa amakhalamo chikhalire. Ndiye kukangana kuti anayambitsa ndani n'kutaya nthawi, dera lonseli kuyambira Chipata, Vubwi, Chadiza mpaka Mchinji ndi kulowa mu Tete kwa kachilomboka ndi dera limodzi. Ndi chifukwa chake mumaona pa mlatho wa Luangwa akufufuza ngati mwanyamula nkhumba kapena nyama yake, boma limateteza zigawo zina kwa ife. Chachiwiri, katemera wa chigodola kuno kulibe, mankhwala ochiza kulibenso, wina akakugulitsani jekiseni kuti ndi ya chigodola wakuberani ndalama. Kachilomboka n'kolimba koopsa, mu nyama yowamba kapena yothira mchere kapena ya mu firiji kamakhala miyezi, kamayenda pa nsapato, pa matayala a njinga, pa chingwe ndi dengu la ogula. Munthu sikamudwalitsa, ndipo n'chifukwa chake anthu saopa kudya ndi kugawana nyamayo, ndiye m'mene kamayendera m'menemo. Njiri za m'tchire zimakhala nako osadwala, komanso nkhufi zija zimabisala m'ming'alu ya makola akale zimasunga kachilomboka kwa zaka

Amake mapasa, Mwami: Adokotala nkhufi zomwe zija zoluma usiku? Ine ndimayesa matendawa amayenda ndi nyama chabe

Vet wopuma, Katete: Zomwezo amai. Si nkhupakupa za ng'ombe zokakamira pathupi ayi, izi zimayamwa pang'ono n'kubwerera m'ming'alu. Khola lamitengo lakale lomwe munafera nkhumba ndi bwino kulitentha n'kumanga lina pamalo ena

Mlimi wa ku Vubwi: Ine maganizo anga ngoti boma litseke tinjira tonse ta m'tchire iti, aliyense adzere pa boda yeniyeni pa Mwami pomwe pali ma ofisala oona mapepala. Anamanga boda yabwino ija, a Hichilema ndi a Chakwera anaitsegula mu December 2022, ma ofesi a mayiko awiri denga limodzi, nanga ntchito yake n'chiyani ngati nkhumba zikudutsa kuseri pa njinga usiku?

Amfumu a m'malire: Ndalowa mochedwa ndinali ku bwalo. Mwana wanga wa ku Vubwi, ululu wako ndaumva, koma za kutseka njira uiwale. Mudzi wanga uno manda athu ali mbali ya ku Malawi, anthu anga ena minda yawo ili komweko, chigayo chapafupi chili komweko, akazi a m'mudzi muno ambiri kwawo n'komweko ndipo ana athu aamuna akulima chikamwini komweko. Ng'ombe zathu ndi zawo zimamwa dambo limodzi chilimwe chonse, abusa amasewera limodzi. Ukaika msilikali pa njira imodzi mawa kwatuluka njira zina zitatu. Ndipo munthu wa kuno sangapalase njinga tsiku lonse kukazungulira pa Mwami chifukwa cha kankhumba kamodzi kopita ku chinkhoswe kwa mlongo wake amene nyumba yake akuiona ataima pakhomo. Boda ya Mwami njothandiza ma thiraki, mbewu ndi katundu wamkulu, za kumudzi zimafuna njira ina

Mlimi wa ku Vubwi: Ndamva amfumu, koma njira inayo ndi iti? Tingokhala kuonerera?

Amfumu a m'malire: Ayi. Uthenga wa maliro umadumpha malire usiku womwewo, mmawa anthu a mbali zonse afika ndi ufa ndi nkhuni. Uthenga wa matenda a ziweto uyende chimodzimodzi. Anyakwawa a mbali inayo ine ndimadziwana nawo, ena ndi adzukulu a mbumba yathu yomwe. Tonse timakakumana ku Mkaika pa Kulamba mwezi wa August kwa Kalonga Gawa Undi, mafumu a Zambia, Malawi ndi Mozambique pamodzi, ndiye palibe chovuta kuti mafumu a m'malire tigwirizane kuti nkhumba ikafa mokayikitsa m'mudzi mwako uimbire mnzako tsiku lomwelo, ndipo aliyense auze vet wa dziko lake

Aphunzitsi a ku Chadiza: Amfumu mwanena zoona. Ndipo kwa amene akuganiza kuti kugwirizana kwa mayiko ndi nkhani ya m'mahotela chabe, ndikukumbutseni za dzombe lofiira. Kuyambira cha m'ma 1930 mpaka m'ma 1940 dzombe limeneli linasakaza mayiko ambiri a kuno kummwera kwa Africa, agogo athu ankasimba za mtambo wophimba dzuwa. Akatswiri atafufuza anapeza kuti silimaswana paliponse ayi, lili ndi madambo ake ochepa, monga Mweru wa Ntipa kumpoto kwa Zambia ndi chigwa cha Rukwa ku Tanzania. Ndiye anati m'malo moti dziko lililonse lizidikira dzombe pakhomo, tiyeni tizikalilondera komwe limabadwira. Likulu la ntchitoyo linali ku Mbala, kenaka mu 1970 kunabadwa bungwe lolimbana ndi dzombe lofiira la IRLCO-CSA lomwe likulu lake lili ku Ndola lero, mamembala ake muli Zambia, Malawi, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi Kenya. Amayendera Kafue Flats, madambo a Chilwa ndi Chiuta ku malire a Malawi ndi Mozambique, Buzi ndi Gorongosa, kuwerenga dzombe ndi kupopera lisanauluke. Ambiri a ife takula osaona mliri ngati uja, ndipo si mwayi chabe, pali anthu amene amagwira ntchito imeneyo chaka ndi chaka ndi ndalama zosonkha mayiko

Wogula ziweto: Aphunzitsi dzombe silili pa chuma cha munthu, palibe amene amalibisa. Nkhumba ndi nkhani ina. Ndikuuzeni zomwe ndimaona ine, munthu akangoona nkhumba imodzi yagwa amandiimbira usiku kuti bwera utenge zotsalazi pa mtengo uliwonse, chifukwa akudziwa kuti akanena kwa vet msika utsekedwa, nkhumba zifa zokha kapena ziphedwa, iye osalandira ngakhale ngwee. Nkhumba imeneyo ndiye feteleza wake, ndiye yunifolomu ya ana. Ine ndimakana zodwala koma alipo anzathu amene amatenga, n'kudutsa nazo mbali yomwe kulibe chiletso. Ndiye chiletso cha mbali imodzi chimangokankhira matenda kwa mnzako

Mlamu wa ku Mkanda: Apo mwalasa achimwene. Kuno atatseka misika ya nkhumba, njinga zinayamba kulowera kwanuko m'bandakucha. Tinkaziona ndithu

Vet wopuma, Katete: Mfundo imeneyi ndiye mtima wa nkhani yonse. Chiletso chimagwira ntchito ngati chaikidwa mbali zonse ziwiri sabata imodzi. Malamulo alipo, dziko lililonse limayenera kudziwitsa bungwe la zaumoyo wa ziweto padziko lonse la WOAH lomwe lili ku Paris matenda ngati awa akabuka, ndipo SADC ili ndi komiti yake ya za ziweto. Koma taganizani ulendo wa uthengawo, uchoke kwa vet wa kumudzi upite ku boma, ku chigawo, ku likulu, magazi akapimidwe ku labu, kenaka kalata ipite ku likulu la dziko linalo, itsikenso masitepe onse aja mpaka ifike kwa vet amene ali makilomita ochepa chabe kuchokera pomwe nkhumba yoyamba inafera. Pofika pamenepo makola ayera. Njira ya mapepala isathe, njofunika, koma pambali pake pakhale foni pakati pa vet wa ku Vubwi ndi wa ku Mchinji, wa ku Lundazi ndi wa ku Mzimba kapena Kasungu, wa ku Chadiza ndi wa mbali ya Tete

Mayi wa ku Chanida: Mwaswera bwanji nonse. Mukukamba za Malawi kwambiri koma ife kuno vuto lathu ndi mbali ya Mozambique. Anthu ndi amodzi, Chichewa chomwechi, koma ma ofesi awo ndi Chipwitikizi ndipo ali kutali ndi midzi ya m'malire. Ng'ombe zolimira zambiri anthu amakagula komweko chifukwa mtengo umakhalako bwino, zimabwera ndi abusa kudzera m'tchire popanda pemiti, zikafika tsiku lomwelo zasakanizidwa ndi za m'mudzi. Chaka china ng'ombe za achimwene anga zinayamba kutuluka dovu, zilonda m'kamwa ndi pakati pa ziboda, kuyenda motsimphina, nthawi yolima itakwana ng'ombe sizikutha kukoka pulawo, munda unalimidwa ndi makasu mochedwa

Vet wopuma, Katete: Amenewo ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amai, FMD. Ng'ombe zazikulu nthawi zambiri sizifa nawo koma zimaonda, mkaka umatha, ana a ng'ombe ndi amene amafa, ndipo amafala msanga kuposa matenda ena onse a ziweto, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba zimagwidwanso. Njati zimasunga kachilomboka, n'chifukwa chake ku Malawi amavuta kawirikawiri ku Chikwawa ndi Nsanje kufupi ndi Lengwe. Chovuta china n'chakuti kachilomboka kali ndi mitundu ingapo, SAT 1, SAT 2, SAT 3, O ndi ina, katemera wa mtundu wina sateteza ku mtundu wina. Mu 2018 ku Chisamba kunabuka mtundu wa O womwe unkadziwika kwambiri ku East Africa. Ndiye dziko likapima n'kudziwa mtundu, mnzake woyandikana naye ayenera kumva msanga kuti aitanitse katemera woyenera. Katemerayo mayiko ambiri a kuno amagula malo amodzi, ku Botswana Vaccine Institute ku Gaborone, ndipo mphamvu yake sikhalitsa, pamafunika kubwereza pakapita miyezi ingapo. Mukabaya ng'ombe za mbali ino zokha pomwe zikumwera dambo limodzi ndi zosabaya, mwataya katemera wodula

Mayi wa ku Chanida: Nanga tikagula ng'ombe kumeneko tizitani adokotala, poti kusiya kugula sitingasiye

Vet wopuma, Katete: Pemiti ya vet ndi yofunika amai, si ya ndalama za boma chabe, ndiyo imathandiza kulondola komwe matenda achokera. Ndipo ng'ombe yatsopano iikeni payokha masabata atatu kapena anayi, khola lake, madzi ake, muithire mankhwala a nkhupakupa isanakumane ndi zinzake. Nkhupakupa zija zofiirira zokonda m'makutu ndi zomwe zimabweretsa matenda a East Coast fever omwe amatha ana a ng'ombe kuno. Mwina simudziwa, katemera wa matenda amenewa amene timabaya kuno kum'mawa amatchedwa Katete chifukwa kachilombo kake kanatengedwa kuno, a ku Southern Province amagwiritsa ntchito wa Chitongo. Amabaya kachilombo kamoyo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, mwana wa ng'ombe amatetezedwa moyo wake wonse. Ndipo malo akulu opangira katemera wa East Coast fever m'chigawo chino cha Africa ali ku Lilongwe, ku CTTBD. Komanso za kamzembe, ntchentche ija ya tsetse yodwalitsa ng'ombe, kuyambira m'ma 1980 panali pulogalamu imodzi ya Malawi, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe ndi thandizo la ku Ulaya, achikulire a ku Petauke ndi Katete akukumbukira nsalu zonyika m'mankhwala zomwe tinkaimika m'tchire. Ntchito ija inkatheka chifukwa mapu tinkaona amodzi

Mnyamata wa za ulimi, Chipata: Ndilowererepo pa mbali ya mbewu akuluakulu, chifukwa mvula ili pafupi. Ziweto mwina mungaimitse pa rodibuloko koma mbozi ya fall armyworm, yomwe alamu athu a ku Malawi amati ntchemberezandonda, gulugufe wake amauluka usiku ndi mphepo mpaka makilomita 100 usiku umodzi, ndipo wamkazi mmodzi amaikira mazira oposa 1,000 pa moyo wake. Kwawo ndi ku America, inaoneka ku West Africa kumayambiriro kwa 2016, pofika December chaka chomwecho inali m'minda ya Zambia mpaka a Lungu analamula ndege za Air Force kunyamula mankhwala, ndipo mu December 2017 a Mutharika analengeza ngozi m'maboma 20 mwa 28 a Malawi. Chomwe anthu ambiri sachiganizira ndi madimba. Mbozi imeneyi sigona chilimwe, imafuna chimanga chachiwisi chaka chonse, ndiye chimanga cha m'madimba a m'malire, kaya ndi cha mbali iti, ndiye chimaisunga mpaka mvula yoyamba. Kukatentha kuchoka pa dzira mpaka gulugufe wina ndi mwezi umodzi chabe. Misampha ija yokopa agulugufe aamuna imaikidwa mbali zonse, bungwe la UN loona za chakudya ndi ulimi la FAO linapanganso app ya pa foni yotchedwa FAMEWS yolemberamo zomwe zagwidwa, koma mlimi wa ku Vubwi samva kuti msampha wa ku Mchinji wadzaza

Amake mapasa, Mwami: Mwana wanga ine kusiyanitsa ndi kapuchi kumandivuta, zonse ndimangoti mbozi

Mnyamata wa za ulimi, Chipata: Amai tsegulani kamtima ka chimanga m'mawa, mukapeza zonyansa zake zambiri zonga utuchi ndi masamba obooka mong'ambika, itulutseni muione. Pamutu pake pali chilembo cha Y chozondoka, chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala pa ngodya zinayi. Yendani m'munda kawiri pa sabata kuyambira chimanga chikangomera, mazira ali pa masamba mounjikana, aphwanyeni ndi zala. Ikakula n'kulowa mkati mankhwala amavuta kuipeza, ndipo kupopera masana dzuwa lili pamutu n'kutaya ndalama, poperani m'mamawa kapena madzulo molunjika mu kamtima. Ena amathira mchenga kapena phulusa, alimi a ku Malawi ena amathira msuzi wa nsomba kuti nyerere zibwere zidye mbozi, nzeru imeneyo inadutsa malire ndi azimayi okwatiwa kuno

Mlamu wa ku Mkanda: Eee za msuzi wa usipa timachita ndithu, pa munda waung'ono zimathandiza, pa maekala ambiri usipa wake ungachoke kuti

Mayi wa ku Chanida: Inu mwana wa za ulimi tanenaniponso za mankhwala a m'mabotolo opanda dzina awa. Kuno amabwera ena olembedwa Chipwitikizi chokhachokha, ena athiridwa kale m'mabotolo a zakumwa, wogulitsa amangoti kapu imodzi pa sipuleya. Mnzanga wina chimanga chinapsa masamba, wina anapopera kangapo mbozi zili gwa

Mnyamata wa za ulimi, Chipata: Ameneyo ndi mliri wina pawokha amai. Ku Zambia mankhwala a mbewu amalembetsedwa ku bungwe loona za chilengedwe la ZEMA, ku Malawi kuli Pesticides Control Board, koma omwe amayenda m'tinjira sadutsa kulikonse. Ukathira ochepa mphamvu kapena osungunula ndi madzi, mbozi zolimba zimapulumuka n'kubereka zinzake zolimba, ndipo agulugufe ake mawa ali m'munda wa dziko lina. Gulani kwa agro dealer wodziwika, botolo lomata, lolembedwa chilankhulo chomwe wina pakhomo angawerenge, ndipo musamabwereze mtundu umodzi nyengo yonse. Camp officer, mlangizi wa ulimi wa dera lanu, angakuuzeni osinthanitsa

Aphunzitsi a ku Chadiza: Ndiwonjezere za zomwe timanyamula tokha m'manja. Nankafumbwe wamkulu uja woboola ngakhale mitengo ya nkhokwe sanali wa kuno, anachokera ku Central America n'kulowa ku Tanzania cha kumapeto kwa ma 1970, kenaka anatsika ndi matumba a chimanga kulowa Malawi ndi Zambia kumayambiriro kwa ma 1990. Nthochi za ku Thyolo zomwe zinkadyetsa Malawi yense zinatha ndi matenda a chisaka, ndipo chisaka chimayenda ndi ana a nthochi amene timapatsana pachibale komanso nsabwe za pa nthochi. Chinangwa nachonso, matenda oola mizu aja a brown streak anapezeka ku Chienge ndi Kaputa mu 2017, amayenda ndi mitengo yobzala. Ku Kenya kuli matenda a chimanga a MLN kuyambira 2011, n'chifukwa chake a PQPS, oona za matenda a mbewu pa boda, amalimbikira mapepala a mbewu. Munthu ukapita kukacheza kwa apongozi n'kuona nthochi yabwino, mtima umafuna kuzula kamwana, koma funsa kaye alangizi. Ku Msekera kuno ku Chipata ndi ku Chitedze kufupi ndi Lilongwe kuli akatswiri a zimenezi, ndipo malo awiriwa nyengo ndi dothi n'zofanana ndithu

Wogula ziweto: Zonsezi n'zabwino koma funso langa palibe wayankha. Munthu anene bwanji kwa vet pomwe kunenako kukumusaukitsa? Popanda chipepeso anthu azibisabe, ndikunena pano

Vet wopuma, Katete: Sindikutsutsani achimwene, nkhani ya chipepeso ndi yeniyeni ndipo tiyenera kuikankha kwa ma khansala ndi aphungu athu, ndipo ikakhala mbali imodzi yokha nkhumba zodwala zidzayamba kuthamangira mbali yolipirayo, ndiye nayonso njofunika kuikambirana mayiko onse. Koma pomwe tikudikira, amene wabisa amapulumutsa ndalama ya nkhumba ziwiri zitatu n'kuphetsa za mudzi wonse ndi za kwa apongozi ake omwe. Ndipo inu ogula muli ndi mphamvu kuposa vet, chifukwa ndinu oyamba kumva. Mukaimbiridwa usiku ndi mtengo wogwa pansi mwadziwa kale chomwe chilipo

Wogula ziweto: Kumva timamva ndithu. Ine kuuza amfumu ndingathe, kutchula munthu dzina kwa boma ndiye ayi, mawa sindingalowenso m'mudzimo

Amfumu a m'malire: Dzina sitikufuna mwana wanga, tiuze mudzi chabe, zotsalazo ndi zathu

Amake mapasa, Mwami: Ine ndikupempha tisaiwale nkhuku, abambo mumakonda kukamba za ng'ombe ndi nkhumba koma ife azimayi chuma chathu ndi nkhuku. Chitopa chikabwera nthawi yotentha ino chimasesa mbali zonse, ndipo nkhuku ndiye zimadutsa malire tsiku lililonse, m'madengu, pa njinga, kwa asing'anga, kokaona wodwala. Katemera uja wodontheza m'diso alipo kuno ndi ku Malawi komwe, bwanji midzi yoyang'anana tizidontheza sabata imodzi?

Vet wopuma, Katete: Amai mwabweretsa chinthu chomwe tingayambe popanda kudikira wina aliyense. Katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso, nkhuku yaikulu ndi kamwanapiye chimodzimodzi, katatu pa chaka, miyezi inayi inayi. Amapirirako kutentha kusiyana ndi akatemera ena koma asakhale padzuwa, mukamayenda naye mukulunge botolo mu kansalu konyowa m'kadengu kolowa mphepo, ndipo likatsegulidwa ligwire ntchito masiku awiri atatu basi. Chachikulu, dontheza nkhuku zili bwino matenda asanafike, ukadontheza zodwala kale zifabe ndipo anthu adzati katemera ndiye wapha. Aliyense atenge katemera kwa vet wa dziko lake, chogwirizana ndi tsiku chabe

Mlamu wa ku Mkanda: Kuno tili ndi amayi ophunzitsidwa kudontheza amene amayenda khomo ndi khomo, ndikawauza mawa ku mpingo. Ndipo za wailesi bwanji, ife kuno Breeze FM ndi Radio Maria ya ku Chipata timazimva bwinobwino, inunso za ku Malawi mumazigwira, chilengezo cha chigodola chikaulutsidwa pa wailesi za mbali zonse mwezi uja sukanatayika

Mlimi wa ku Vubwi: Za wailesi ndagwirizana nazo. Ine mtima ukadali wowawa, ndipo ndikuonabe kuti njinga zonyamula nkhumba usiku zimafunika kugwidwa, kaya ndi a neighbourhood kaya ndi anyamata a amfumu. Koma adokotala ndiuzeni za lero, zanga zomwe zikadali zamoyo ndichite nazo bwanji

Vet wopuma, Katete: Zitsekereni lero lomwe, zisatulukenso kukafukula m'midzi. Wolowa m'khola akhale munthu mmodzi, ndi nsapato zake zokhala pomwepo zosapita kwina. Makombo a ndiwo za nkhumba ndi madzi otsukira mbale asafike ku khola, ogula asayandikire, yaimuna musabwereke kapena kubwereketsa mpaka izi zitadutsa. Yakufa musatumbule, kumbani dzenje lakuya loti agalu asafukule, kutali ndi chitsime ndi dambo. Ndipo imbirani vet wa kwanuko lero kuti adzatenge zokapima, asamve kwa anthu ena

Amfumu a m'malire: Ine Loweruka ndili ndi mlandu wa malire a munda womwe tikuweruza pamodzi ndi anyakwawa awiri a mbali ya ku Malawi, ndikaiika nkhaniyi pomwepo tikatha mlandu. Alamu a kwa Mkanda tumizani nambala ya alangizi anu a ziweto kwa admin, osati pa gulu. Amai a ku Chanida nanunso funsani kwa abale anu amene amaona za ng'ombe mbali ya Mozambique

Mayi wa ku Chanida: Ndifunsa amalume anga, amapita kumeneko pafupipafupi. Koma netiweki kumeneko imavuta, mwina yankho ndibwera nalo sabata ya mawa

Admin: Zikomo nonse. Manambala a ma vet ndi alangizi nditumizireni ku inbox, ndikawapempha kaye ngati alola kulowa pa gulu. Amake mapasa ndi alamu a kwa Mkanda gwirizanani sabata ya katemera wa nkhuku mutiuze pofika Lachitatu kuti midzi ina ikonzekere. Ndipo chonde wotumiza chithunzi cha chiweto chodwala azilemba dera ndi tsiku, zithunzi zongotola pa Facebook tizichotsa